Chikho Chimene Amake Eginesi Analephera Kumwa

Amene anandiuza ndi amake Dalitso. Anandipeza kudimba Lachitatu m'mawa ndikuthirira anyezi. Ndinawaona akubwera chothamanga, kumutu kulibe duku, ndipo ndinadziwa kuti sikuli bwino, chifukwa amake Dalitso sathamanga ngakhale mbuzi zitalowa m'munda mwawo.

"Amake Lonesi, tulani kheniyo. Amayi aja atisiya."

"Amayi ake ati?"

"Amake Eginesi."

"Aaa, musandinamize inu. Dzulo lomweli amandinyoza kuti mpanda wa bafa langa wapendama ngati woledzera."

"Ndi omwewo. Tawapeza atatsamira nkhokwe, lichero la nandolo lili pamiyendo. Timayesa akuwodzera."

Ndinangokhala pansi m'matope momwemo. Misozi sinabwere. Ndinkangobwereza kuti lichero, lichero, ngati munthu wozungulira mutu. Sanadwale, sanabuule, sanaitane aliyense. Ambuye anawatenga ali pantchito. Patha masabata atatu tsopano koma ndikamva mapazi kuseri kwa nyumba ndimatembenukabe.

Dzina lawo linali Felesiya, koma kuno kwa Kaduya palibe ankawatchula choncho. Anali amake Eginesi basi. Sanali mbale wanga wamagazi. Anavinidwa limodzi ndi amayi anga, ndipo amayi atamwalira, chaka chija Napolo anatsika m'phiri, iwowa anangonditenga ngati mwana wawo osafunsa munthu.

Tinasambitsa thupi lawo tilipo anayi, koma awiri akanatha. Pakhoma panali chithunzi chawo chakale, ndipo amayi ena a kumpingo wakutali amene anabwera kudzagona pamaliro anafunsa kuti mayi wamkulu thupi uyu ndi ndani, kapena ndi mkulu wawo wa malemuwa? Tinayang'anizana. Tinaiwala kuti pali anthu amene anawadziwa ali kale kamthupi kakang'ono.

Chifukwa amake Eginesi anali munthu, abale. Akamabwera pamsewu, abambo a njinga zonyamula anthu ankayamba kukonza tcheni chosawonongeka. Iwo ankadziwa, ndiye ankaima pomwepo n'kumadikira mpaka tchenicho chichire. Thupi lawo ankalinyadira. Ankati wophika akakhala wowonda, mlendo amayamba wayang'ana kaye agalu a pakhomopo asanasambe m'manja.

Ntchito yawo inali thobwa. Chinkhoswe, ukwati, sadaka, kutuluka kwa anamwali, kuyambira kuno mpaka kumidzi ya kunyanja ya Chilwa, anthu ankayamba afunsa ngati amake Eginesi ali ndi mpata asanasankhe tsiku. Chimera ankachita kumeretsa okha, cha mapira, ndipo shuga sankamulola kuyandikira mgolo. Ankati wothira shuga akubisa chimera cholephera, ngati mkazi wodzola mafuta osasamba. Sankalolanso mayi amene wakangana ndi mwamuna wake m'mawa kugwira mthiko. Ife tinkayesa ndi mwambo wa makolo, mpaka tsiku lina anatiuza kuti mulibe mwambo m'menemo, koma kuti munthu wokwiya amatakasa pamwamba pokha, phala n'kupserera pansi.

Ndiye panali kulawa. Kwathu kuno alendo akabwera kuchokera kwina, amene waphika thobwa amayamba kumwa iyeyo anthu onse akuona. Timati kuchotsa ufiti. Ena amangonyowetsa milomo, koma iwo ayi. Ankaima pakati pa bwalo, n'kupereka moni wa m'mawa wa Chilomwe, mosheliwa, ngakhale dzuwa litapendeka. Akatero ankatunga chikho chodzaza, kumwa osapumira, kuchitembenuza kuti onse aone kuti simunatsale kanthu, kenako n'kulengeza kuti ufiti wa pakhomo pano auchotsa, koma ngati wina wabwera ndi wake m'thumba, umenewo sakuudziwa. Anthu ankaseka nthawi zonse, ngakhale amene anamva mawuwo kakhumi.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankamwerana nawo madzi, a Chikopa, mkulu wa mpingo wathu. Mkangano wawo unayamba kalekale pa ukwati wina, pamene a Chikopa anadandaula kuti thobwa lagona masiku ambiri, layamba kuluma, silikuyenera akhristu. Amake Eginesi anawayankha pagulu kuti akudabwa kuti lilime la akulu a mpingo limadzuka pachikho chachitatu. Kuyambira pamenepo, a Chikopa akati kumanja, iwo ankati kumanzere. Koma mayi Chikopa atagona m'chipatala mwezi wathunthu, amene ankaphikira ana awo anali amake Eginesi omwewo, uku akunyoza miphika ya pakhomopo kuti ndi yosakwecha.

Zimene ndikufuna kulemba kwenikweni zinachitika chaka chimene tinavota kachiwiri chiyambire matipate. Zina ndinaziona ndi maso, zina anachita kundiuza pambuyo pake.

Chaka cham'mbuyo mwake, dzinja lisanayambe, anapunthwa pachitsa, chala chachikulu cha kuphazi n'kuchita bala. Balalo linakana kupola. Atapita kuchipatala cha mishoni anawayeza magazi n'kuwauza kuti ali ndi shuga, ndipo adokotala sanawabisire: thupi limeneli likapanda kutsika, chala chipita, kenako phazi, kenako mwendo. Anabwerako osauza aliyense. Anangolembera kalata mwana wawo mmodzi yekhayo, Eginesi, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni ndipo anali asanabwere kumudzi zaka zisanu ndi chimodzi.

Yankho linabwera ndi dalaivala wa thiraki, kaphukusi kakang'ono. Munali kalata ndi kaseti. M'kalatamo Eginesi analemba zimene abwana ake aakazi anachita kuti achepetse thupi. Nsima ayi. Mpunga ayi. Chinangwa, mbatata, nthochi, mzimbe, tiyi wa shuga, zonsezo ayi. Thobwa analilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Zololedwa zinali matemba, mazira, nkhuku, mapeyala, mtedza, ndi masamba otendera mmene angafunire. Kunena mwachidule, mwana ankauza mayi ake kuti azidya ndiwo zokhazokha, chinthu chimene ife timamenyera ana.

Kasetiyo ndiye inali nkhani ina. Abwana aja anali ndi yawo ya Chizungu, ya munthu wolankhula pang'onopang'ono mpaka womverayo amalowa ngati m'tulo koma ali maso, ndipo zimene wauzidwa ali m'menemo zimakhazikika mumtima. Eginesi ankati kumeneko amati hipinosisi. Ife pambuyo pake tinkangoti kaseti yogoneka. Poona kuti mayi ake Chizungu sakumva, Eginesi anaimvetsera kambirimbiri, n'kujambula ina ndi mawu ake, m'Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe. Amake Eginesi ankaimvera tsiku lililonse dzuwa likangopendeka, atatseka chitseko, mabatire atawayanika kaye padzuwa.

Ine zonsezi sindinkadziwa. Ndinkangoona kuti ndikawapatsa chakudya akuti adya kale. Tsiku lina ndinawapezerera akudya nkhwani wotendera ndi mazira awiri ndi supuni, ndipo anabisa mbaleyo kumbuyo ngati mwana. Nkhope inayamba kuphwa, khosi n'kutalika. Inu mukudziwa zaka zimenezo mmene zinalili. Tinkaika anthu Lolemba, Lachinayi tikuikanso ena, ndipo munthu akangotsika thupi pang'ono nkhani inkayamba pamjigo. Anthu ananong'ona kuti mayi wamasiye wamkulu ngati ameneyu matenda amenewa wawatenga kuti. Chimene chinkasokoneza onong'onawo n'chakuti nkhope inkaonda koma m'chiuno munali chimodzimodzi.

Anabisiranji? Ndinawafunsa patapita nthawi. Anati akanati ali ndi shuga, anthu akanati thobwa lawo ndi limene limadwalitsa. Akanati asiya nsima, anthu akanati apenga. Akanatchula kaseti, a Chikopa akanavina. Ndiye anasankha kukhala chete, n'kumapempha ena kuti awalawire thobwa pophika, ponamizira kuti lilime alitentha ndi tiyi.

Mwezi wa Juni mwana wanga woyamba, Lonesi, anapeza banja. Mnyamatayo, Fanuelo, anali wa kunyanja, a kwawo asodzi a matemba. Ndinapita kwa amake Eginesi kukapempha thobwa la chinkhoswe, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire changa anandikana.

"Ufunse wina, mwanawe. Manja angawa atopa."

"Amayi, anthu akuchokera ku Chilwa adzamwe thobwa la wina inu muli moyo? Amayi anga akanakhalapo mukanawayankha choncho?"

"Wanditchulira wakufa, wapambana. Bweretsa mapira."

Ndinawakakamiza ndine. Zimenezi ndimazinena pamaso pa Mulungu.

Tsikulo kunali chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yochokera kuphiri. Alendo anafika cham'mawa, ena pa njinga, ena pa matola, akutsogoleredwa ndi malume ake a mnyamata, a Matiyasi, bambo wamtali wa mawu okhuthala amene ankagulitsa matemba ouma m'misika. Tinali titamva kuti kwawoko, miyezi ingapo m'mbuyomo, anthu anadwala pa sadaka ina ndipo kunamveka za poizoni wa tameki m'chakumwa. Choncho anabwera ali tcheru. Anakhala pamikeka, wailesi ya kaseti yolumikiza ku batire ya galimoto ikuimba, ndipo migolo iwiri ya thobwa inaikidwa pakati.

Amake Eginesi anaimirira, atavala juzi ndi zitenje, n'kupereka moni wawo uja. Anatunga chikho. Anachikweza. Chitafika pamlomo anaima.

Tinayesa ndi nthabwala yatsopano, ena anayamba kuseka. Anachikwezanso kachiwiri. Ndinaona khosi lawo likukana ngati la mbuzi yokokedwa pachingwe. Kachitatu anatseka maso n'kupaka mkamwa, ndipo pomwepo anatembenuka n'kulavula pansi, akuchita ngati asanza. Chikho chinagwa.

Wina anazimitsa wailesi. Ndinamva mvula ikugogoda pamalata a khitchini.

Mayi wina wa kuchimuna anali atapatsa kale mwana wake kapu, anaimenya ndi dzanja n'kugwera kutali. A Matiyasi anaimirira pang'onopang'ono, akuvala chipewa.

"Akuluakulu a pakhomo pano, ife tabwera kudzasiya mwana wathu kuti azidya pano moyo wake wonse. Sitinabwere kudzamuika m'manda. Mwini thobwa walikana. Fanuelo, nyamuka."

Lonesi anayamba kulira m'chitenje. Ndipo ine, amene ndinatengedwa ngati mwana ndi mayi ameneyu, amene anandigwira dzanja pobereka Lonesi yemweyo, ndinafuula anthu onse akumva:

"Amayi, mwatichita chiyani?"

Mawu amenewo ndinalapa, koma sanabwerere m'kamwa.

Anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anagwira mfundo ya chitenje chawo n'kuimasula.

Mayi wamkulu akayamba kuvula pagulu, kwathu kuno tanthauzo lake ndi limodzi, akutemberera. Bwalo linasokonekera. Azibambo anatembenukira kumbali, ena anaphimba nkhope ndi zipewa, wina anagwa ndi benchi pothawa. Amake Dalitso anawathamangira akuti, "Amayi, chonde, pali ana! Tapepesa!" Iwo anangowakankha ndi chigongono. Chitenje choyamba chinagwa. Pansi pake panali china. Chinagwanso. Chachitatu. Kenako bulangete lopinda kanayi limene anazenga m'chiuno ndi chingwe cha mlulu. Kenako juzi, pansi pake juzi lina. Anatsala ndi diresi lawo lobiriwira limene tonse tinkalidziwa, lija linkathina m'mapewa, tsopano likulendewera ngati laanikidwa pamtengo.

Munthu amene tinkakhala naye tsiku ndi tsiku anali atatha theka, ife osadziwa. Mulu wa nsalu pansipo unkaoneka waukulu kuposa mwini wake.

"Tembenukani, azibambo inu, sindikutukwana munthu," anatero. "A Matiyasi, khalani pansi. Thobwali lilibe kanthu. Kanthu kali mwa ine."

Anavula nsapato ya pulasitiki n'kuonetsa chala chija, chili ndi chipsera chakuda koma chitapola. Anafotokoza za chitsa, za chipatala, za mwendo umene ankafuna kuudula. Anafotokoza kuti papita miyezi isanu ndi itatu osalawa nsima. Apa mayi wina wa kunyanja anati, "Mayo ine!" mokweza kuposa mmene anachitira pa nkhani ya mwendo.

A Matiyasi sanakhale pansi. "Zachisoni, mayi. Koma wodwala shuga chikho chimodzi sichimupha. Inu simunakane, mwalavula."

Pamenepo anapisa dzanja pachifuwa n'kutulutsa kaseti yokulunga m'kampango. Anauza mwini wailesi kuti aiike. Ndipo m'sipika zikuluzikulu zija, zimene timayenera kuvinira, munatuluka mawu a Eginesi. Tonse a pamudzi tinawazindikira nthawi yomweyo, ngakhale ankalankhula mozizira ngati akutonthoza khanda.

"Amayi, khalani bwinobwino. Ikani manja pamaondo. Ndine Eginesi, mwana wanu. Pumani pang'onopang'ono. Mapewa anu akulemera, akulemera ngati mwatula mtolo wa nkhuni. Tsopano tsekani maso."

"Wina asatseke maso!" anakuwa a Chikopa, atadumpha pampando. "Ndati wina asatseke maso! Yesu!"

Anthu anatong'ola maso ngati akadzidzi. Kasetiyo inapitirira. Inawawerengera masitepe khumi otsikira kumtsinje. Kenako inafika pamene panali nkhani yonse. Eginesi ankadziwa chimene mayi ake ankanyansidwa nacho koposa padziko lapansi, ndiye anachigwiritsa ntchito.

"Amayi, chilichonse chotsekemera chikafika pamlomo panu, muzimva fungo la mlamba wowola umene wakhala masiku atatu m'bwato. Khosi lanu lizikana lokha. Simukufuna, amayi. Mukufuna mwendo wanu. Mukufuna kudzandichingamira pamsewu ndi miyendo iwiri."

Pamawu omalizawo Eginesi anamveka kuti akulira, n'kudzigwira, n'kupitiriza. Amake Eginesi anauza mwini wailesi kuti azimitse.

"Ndimayesa chikho chimodzi ndikwanitsa," anatero. "Ndinaphika ndi manja angawa, ndikudziwa kuti ndi lokoma. Koma chikafika apa, ndi mlamba. Mundinene ine zimene mukufuna. Mwanayu musamuthere banja chifukwa cha khosi langa."

Anthu a kunyanja amalidziwa fungo limenelo kuposa ife. Ndinaona ena akukwinya mphuno. Koma mwambo ndi mwambo, mwini thobwa sanamwe. Ine ndinatola chikho kuti ndimwe, a Matiyasi anandiletsa ndi dzanja.

"Inu ndi make mwana, mukhoza kumwa ngakhale palafini kuti zithe bwino. Bweretsani kuno."

Anatunga okha mu mgolo. Anayang'ana amake Eginesi, amene ankanjenjemera ndi chisanu m'diresi lija, n'kuyang'ananso mulu wa zitenje.

"Munthu amene wavula mpaka bulangete alibenso pobisa tameki. Fanuelo, ndikafa njinga ndi yako, koma belu ukabweze kwa a Jailosi, ndinachita kubwereka."

Anamwa chonse. Anapukuta ndevu. Bwalo lonse linkawayang'ana pamimba.

"Mayi," anatero, "mwana wanuyo ndi wankhanza. Kukuletsani zimenezi? Thirani china."

Sindinganame kuti onse anamwa. Ambiri a kuchimuna anagwira makapu mpaka madzulo osawafikitsa pamlomo, ndipo mgolo wachiwiri unathera nkhumba. Koma tambala ndi thadzi zinasinthanidwa, ankhoswe anagwirana chanza, Fanuelo anakhala. Lero ali ndi ana anayi, nyumba yawo ndi iyo ili kuseri kwa yanga. Ndimathokoza Mulungu, ndimathokozanso mayi amene anagula banja limenelo ndi manyazi ake.

Madzulo ake ndinapita kukagwada pakhonde pawo. Sanandilole kumaliza. Anati ndinyamuke, ndiwathandize kuchapa zitenje zimene zinadetsedwa ndi matope. Za mawu anga aja sanazitchulenso, kupatula kamodzi patapita zaka, nditapsereza mtedza wawo pokazinga. Anayang'ana m'chiwayamo n'kunena ndi mawu anga enieni, kuti amayi, mwatichita chiyani. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, koma ndinakalirira kunyumba.

Nkhani ya kaseti inakafika kubwalo la mpingo. A Chikopa anati munthu wopereka maganizo ake kwa mawu osaoneka watsegulira khomo mizimu. Amake Eginesi anafunsa ngati kalata ya mwana ili tchimo, ndipo ngati si tchimo, imasanduka tchimo pa mphindi iti ikakhala yolankhula. Anawaimitsa mgonero miyezi itatu. Anaipirira atakhala benchi lakutsogolo, moyang'anizana ndi a Chikopa, akuimba mokweza kuposa kwaya. Ine nkhaniyi ndinaipempherera kwambiri, chifukwa nanenso inkandiopsa. Mpaka lero sindidziwa chimene chinagwira ntchito, kaya ndi nzeru za azungu zija, kaya n'chifukwa chakuti anali mawu a mwana wawo tsiku lililonse m'nyumba imene munalibe wina wowalankhula. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwendo sunadulidwe, ndipo Eginesi atabwera patapita zaka ziwiri, anakamuchingamira pamsewu wapansi.

Chimene sitinayembekezere n'chakuti kuphika thobwa anasiyiratu. Anthu anabwera kudzawapempha, ngakhale a kunyanja omwewo, kunena kuti wina aziwalawira. Anakana. Anati chikho chimene sungamwe usapatse mlendo, ndipo lamulo limeneli si iwo analipanga, sangalisinthe chifukwa lawagwera. Zaka makumi atatu za ntchito zinathera pa tsiku la mwana wanga. Migolo anagawa. Anayamba kulima nandolo ndi kuweta nkhuku, ndipo amayi achitsikana akamaphika thobwa ankawaitana kuti adzakhale pambali. Ankakhala patali pang'ono ndi kandodo, akununkhiza mphepo, n'kumalamula kuti chimera chachepa, moto wachuluka, iwe takasa pansi. Amene anamvetsa kwambiri ndi Lonesi.

Kaseti ija wailesi inaitafuna patapita zaka zitatu. Anayesa kuilumikiza ndi ulimbo, zinakanika, ndipo sanapemphenso ina. Nsima anayambiranso pang'ono, kachigamphu kamodzi patsiku kosakwana chikhatho, koma chotsekemera sanachikhudzenso mpaka imfa. Ana akawapatsa switi ankaibweza ndi nkhope yoipa. Anakhala zaka khumi chichitikire zimenezo, akuyenda mwachangu moti ife tinkatsalira popita kuchigayo. Nthawi zina ankadandaula kuti kuonda kuli ndi vuto limodzi, benchi la kutchalitchi limapweteka.

Pamaliro analalikira ndi a Chikopa. Anati malemuwa anali mayi wosadziwa chinyengo, ndipo asanamalize anachita kuyamba nyimbo kuti apume. Kenako kunaimirira nkhalamba ina yaitali imene inabwera pa njinga kuchokera kunyanja ndi dengu la matemba. Anali a Matiyasi.

"Ndili ndi chinsinsi chimene ndasunga zaka khumi," anatero. "Tsiku lija ndinamwa ndi mantha. Nditatha chikho chachiwiri ndinakakhala kuseri kwa khola la mbuzi mpaka dzuwa kulowa, ndikumvetsera m'mimba. Ndinalapa machimo onse, ngakhale a mng'ono wanga. Koma ndinaona mayi uyu ataima pamphepo paja ngati nkhuku yosotsola, ndinati ngati uyu ndi mfiti, bola ndife ndithu."

Anthu anaseka pamaliro, abale, ndipo kusekako kunasanduka kulira kumene sitinalire chiyambire Lachitatu. Thobwa la tsikulo anaphika ndi Lonesi, ndipo silinatsale ngakhale la nkhumba.

Dzulo ndinapita kukatsekera nkhuku zawo. Kuseri kwa khitchini kuli malo ena ozungulira, aakulu ngati mkeka, pamene moto wa migolo unkayaka zaka zonse zija. Dothi lake linapsa mpaka linauma ngati njerwa, lakuda pakati, lofiira m'mbali. Zaka khumi popanda moto koma udzu unakanabe kumerapo. Ankapasesa m'mawa uliwonse, ngakhale panalibe chophikapo. Tsopano pagwera masamba a mango, nkhuku zayamba kupalasa m'mphepete, ndipo nyerere zatulutsa dothi latsopano pakati penipeni. Ndinafuna kusesa, koma sindinapeze pamene ankaika tsache.

Inu amene mwawerenga izi, makamaka amene munamwapo chikho cha m'manja mwawo, ndikupempha kuti mukamagwada muzitchulako banja limeneli. Mukumbukire Eginesi. Basi ya ku Joni inamufikitsa patatha masiku awiri titaika, ndipo anapita kumanda asanatule chikwama. Mukumbukire adzukulu awiri amasiye a mchemwali wawo amene ankawasunga zaka zomalizazi, omwe pano akugona kwa ine, ndi achimwene awo okalamba a Lufeyo, amene maso anachita khungu ndipo amafunsabe m'mawa uliwonse ngati Felesiya wadutsa kale. Ambuye awagwire dzanja onsewa.